Telala Wosalemba Miyeso

Bambo anga akhala telala zaka makumi anayi, ndipo sanalembepo muyeso wa munthu. Tepi m'khosi, choko kukhutu, ankangokuzungulira kamodzi, manambala onse n'kulowa m'mutu. Ankati kope ndi la atelala aulesi. Munthu akabweranso patapita zaka zitatu, iwo ankamuuza chiuno chake asanakhale n'komwe pansi.

Chaka chatha anayamba kuiwalaiwala. Ankafunafuna sizasi ili m'manja, dzina la kasitomala n'kuwathawa pakamwa. Achimwene anati tipite nawo kuchipatala, shopu titseke kaye. Ine ndinakanitsitsa. Ndinali nditamva pa wailesi kuti kudya mtedza kumathandiza ubongo wa anthu akuluakulu, ndiye ndinakakamira pomwepo ngati nkhupakupa. Zoona zake, ndinkaopa zomwe adokotala akatiuze, koma zimenezo sindinauze munthu. Sabata iliyonse ndinkawasiyira botolo la mtedza wokazinga pambali pa makina. Ankatafuna momvera, ndi mano awo otsala ochepawo, ine n'kumauza achimwene pafoni kuti zinthu zayamba kusintha.

Tsiku lina masana ndinapeza mphunzitsi wina, kasitomala wawo wakalekale, ataima pakati pa shopu atavala jekete yatsopano. Mabatani sankafika pa mabowo ake, manja a jekete akulekezera pafupi ndi zigongono. Nsaluyo anali atabwera nayo yekha, ndipo panalibenso yotsala.

Pakamwa pangapa sipadikira kufunsidwa. "Aphunzitsi, mwanenepatu inu. Bambo salakwitsa muyeso."

Munthuyo anangondiyang'ana. Anali wowonda monga momwe ndinamudziwira kuyambira ndili mwana.

"Khala chete, mwanawe," anatero bambo. "Sananenepe awa. Ndawadulira muyeso wa munthu wina, ndipo sindikudziwanso kuti wa ndani. Pepani, aphunzitsi."

Manyazi anandigwira, ndinasowa poyang'ana. Ine, mayi wa ana awiri, kunamizira munthu wosalakwa, bambo anga odwalawo n'kukhala ondiwongola! Mphunzitsi uja anavula jekete, anaipinda bwinobwino, n'kutuluka osakalipa. Bola akanandikalipira.

Bambo anakhala pampando wa makina kwa kanthawi, akupukuta magalasi awo ndi kansalu.

"Mtedza wako ndadya, sindinakane," anatero. "Koma iwe ukudziwa, inenso ndikudziwa. Awa ndi achitatu mwezi uno, enawo ndinakubisira. Uwaimbire achimwene ako mundiperekeze kuchipatalako. Ndipite ndikadali wodziwa kumene ndikupita."