Dishi ya Apongozi ku Chinyunyu

Apongozi anga aamuna anaona TV ya HD koyamba m'sitolo ina ku Lusaka, tsiku limene anapita kukafuna chitsulo cha pampu yawo yothirira. Anaima m'sitolomo mpaka minibasi imene anafuna kukwera inawasiya. Atabwerera ku Chinyunyu anatisimbira nkhaniyo osatopa. Ankati pa TV imeneyo udzu wa m'bwalo la mpira umaoneka umodziumodzi, thukuta la wosewera umaliona likutsika m'khosi, ndipo ndevu za refa ukhoza kuziwerenga.

Nthawi imeneyo ine ndinkaphunzitsa ku Rufunsa, ndipo ndinali nditakwatira mwana wawo wachiwiri. Loweruka lililonse tinkakwera basi kupita kwa makolo akewo. Iwo anachokera ku Katete kalekale, nakhazikika pafupi ndi msewu waukulu. Apongozi aamuna ankalima tomato ndi repu kudimba, apongozi aakazi, amene ndimangowatchula kuti amayi, ankagulitsa m'mbali mwa msewu. Mdalayo anali munthu wokonza zinthu yekha. Njinga, pampu, wilibala, batire ya sola, zonse zinkadutsa m'manja mwake, ndipo zambiri zinkachiradi. N'chifukwa chake kufunsa munthu wina sankakudziwa.

Mwana wawo woyamba, amene amagwira ntchito m'tauni, anatopa nayo nkhani ya udzu ija. Anawatumizira TV yaikulu yopyapyala ndi dikoda yatsopano. Dishi inalipo kale padenga, yomwe ankaonera pa TV yawo yakale ya chimsana. Titafika Loweruka tinapeza apongozi alumikiza kale zonse, akhala pampando wawo kukhoma, nkhope ili gwaa.

"Si iyi," anatero. "Anthu akuoneka ngati ali mu utsi."

Zinali zoona. Chithunzi chinali chachikulu koma chosalongosoka, ngati nsalu yochapidwa kambiri. Nditasuzumira kuseri kwa TV ndinaona vuto nthawi yomweyo. Anali atalumikiza ndi nthambo zakale zija zamitu itatu, wofiira, woyera ndi wachikasu. Nthambo zimenezo sizinyamula HD, ngakhale dishi ikhale yagolide.

Koma ine ndine mkamwini. Malo anga m'nyumbamo anali kampando ka pafupi ndi chitseko, ndipo mkamwini sauza apongozi ake kuti mwalakwitsa. Ndinanong'oneza mkazi wanga, iye n'kupereka mawuwo.

"Atate, akuti mwina ndi nthambo."

Sanacheuke n'komwe. "Nthambo zimenezo zagwira ntchito zaka zonsezi popanda mlandu. Aphunzitsi aziphunzitsa ana. Vuto lili padenga."

Loweruka lotsatira tinawapeza atatsitsa dishi. Anali ataiika pa mphasa pabwalo, akuikwecha ndi mchenga ndi sopo monga amachitira amayi ndi mapoto. Ankati fumbi la malole a mumsewu ndi limene likutchinga zithunzi. Anaikwecha mpaka penti inayamba kuchoka, ikung'anima moti nkhuku zinkabwera kudzadziyang'anira. Ataibweza padenga, utsi uja unali pomwepo.

Kenaka mlandu unagwera mtengo wa mango umene unali kum'mawa kwa nyumba. Unali mwezi wa Okutobala, timango titayamba kale kulendewera. Apongozi anayang'ana dishi, nayang'ana mtengo, naloza nthambi yaikulu. Amayi anayesa kuitetezera.

"Nthambi imeneyo ndi imene imabereka bwino. Komanso dishi yanu siyang'ana kumeneko."

"Mphepo ya zithunzi siyenda ngati munthu, amayi. Imakhota."

Nthambi inagwa. Masana amenewo tinadya timango tanthete ndi mchere, tikuonera mpira wa mu utsi.

Loweruka lachitatu ndi limene sindidzaiwala. Anaganiza zotembenuza dishi. Anakwera padenga ndi sipanala dzuwa lili paliwombo, malata akutentha, ine n'kupatsidwa udindo wogwira makwerero. Amayi anawaika pawindo kuti aziyang'ana TV ndi kunena zimene akuona. Atangomasula manati a dishiyo n'kukankha pang'ono, zonse zinazima.

"Yabwera?" anafuula ali padenga.

"Kulibe!"

"Manje?"

"Kulibe! Ngakhale utsi uja wapita!"

"Penyani bwino!"

"Ndipenye chiyani? Kwada bii!"

Amayi anzawo ogulitsa nthochi kumsewu anasiya mabeseni awo n'kuyamba kuyankha nawo. Apongozi akati "Manje?" msewu wonse unkayankha kuti "Kulibe!" Woyendetsa lole wina amene anaima kugula tomato anafuula nawonso asakudziwa n'komwe nkhani yake. Ine ndinaweramitsa mutu pa makwerero kuti mapewa anga asaoneke akugwedezeka.

Patapita nthawi ndinakwera masitepe awiri n'kuona kuti pa chitsulo chogwira dishi panali mzere wa dzimbiri, pamene inakhala zaka zonse. Ndinalankhula ngati ndikudzifunsa ndekha.

"Kaya mzere uwu munaulemba ndinu, atate, kuti muzidziwa pobwezera?"

Anauyang'ana kanthawi. "Inde. Ndine."

Anabweza dishi pamzerepo, amayi n'kufuula kuti yabwera, kumsewu n'kumveka nthungululu. Anatsika thukuta lili chuchuchu, nanena kuti amangofuna kutsimikiza kuti mbali inayo kulibe kanthu.

Tsiku lomwelo, iwo atapita kudimba, amayi anandiitanira kuseri kwa khitchini. Sizinkachitikachitika. Anakhala chammbali, akuyang'ana kwina monga mwa ulemu, akusankha nyemba m'lichero.

"Akamwini, ngati mukudziwa chimene chavuta, nenani. Dzulo ndinawaona akuyang'ana mtengo wa mapeyala."

Ndinawafotokozera kuti pamafunika nthambo ina, imodzi yokha, yakuda, mitu yake iwiri yofanana, yaphwatalala. Ndinati kawirikawiri imabwera m'katoni ya dikoda. Manja awo anaima m'lichero. Kenaka anayamba kuseka chamumtima mpaka nyemba zina zinatayika.

"Tiyeni muone."

Ananditengera ku khola la nkhuku. Chitseko chake chinali chomangidwa bwinobwino ndi nthambo ya HD, mfundo ziwiri. Anati anaipeza m'katoni itatsala, ndipo poti mwini wake anati zonse zofunika walumikiza, anaona kuti ndi chingwe cholimba chosafunika kuchitaya. Inali itasunga nkhuku pafupifupi mwezi wathunthu. Mwamwayi mvula inali isanayambe. Ndinaimasula, n'kupukuta zitosi, n'kuchotsa fumbi m'mitu yake ndi kamswachi kakale.

Ndinafuna kuilumikiza pomwepo iwo asanabwere, koma amayi anakana.

"Mukatero adzadziwa kuti mwawaposa, ndipo adzaizula. Ndakhala nawo zaka zambiri bambo amenewa. Isiyeni kwa ine."

Anaibweza m'katoni. Apongozi atabwera kuchokera kudimba n'kusamba, amayi analowa ndi katoniyo, akuoneka ngati munthu amene akungokonza m'nyumba.

"Katoni iyi ndikufuna kuikamo anapiye. Nanga chingwe ichi chili ndi ntchito? Kapena ndikamangire khola?"

"Tabweretsani kuno." Anaitembenuza uku ndi uku, naiyandikiza kumaso. "Inu, zinthu zamagetsi n'zomangira nkhuku? Mukanaononga chinthu chofunika."

"Pepani," anatero amayi, nkhope ili phee.

Anapita kuseri kwa TV, napapasa mpaka anapeza kabowo kolingana ndi mutu wa nthamboyo. Anapezanso kena kuseri kwa dikoda. Nthambo zakale zija anazizula yekha, akunena kuti anali atayamba kale kuzikayikira. Koma TV inangokhala yakuda, chifukwa inkafunika kuuzidwa kuti zithunzi zikulowera khomo lina tsopano. Anadina rimoti kangapo, kenaka anaitambasulira kumene ndinakhala.

"Akamwini, zala zanu n'zazing'ono. Dinani pamene ndikuuzeni."

Ndinalandira ndi manja awiri. Sanandiuze kanthu, ndipo ine sindinadikire. Ndinasankha khomo la nthambo yatsopano, ndinalowa m'makonzedwe a dikoda n'kukweza chithunzi kufika pa HD, kenaka ndinatsegula tchanelo ya mpira imene imaulutsa mwa HD. Pakuti si tchanelo iliyonse imatero, ndipo zimenezo ndinazisunga mumtima.

Mkazi wanga anagwira pakamwa. Amayi anati "Mayo ine!" Bwalo linali lobiriwira ngati dimba la repu, mizere yoyera yowongoka, nkhope za anthu oonerera zikuoneka mmodzimmodzi. Tonse tinatembenukira kwa mwini nyumba, amene anali atabwerera pampando wake kukhoma.

Anatsinzina pang'ono, napendeka mutu.

"N'chimodzimodzi," anatero.

Ananyamuka mokwiya kuti akazule nthamboyo. Atatsala sitepe imodzi kuti afike pa TV, anaima.

"Udzu uja!" anafuula. "Amayi, bwerani! Udzu uja uwu!"

Anauloza ndi chala, akuseka ngati mwana. Anabwerera kumpando kuti akaonere bwino atakhala, koma atangokhala nkhope inagwanso. Ananyamuka, nayandikira, udzu unabwera. Anabwerera, udzu unapita. Anachita zimenezi katatu. Pamenepo ndi pamene ndinazindikira kuti m'sitolo muja anaonera mphuno ili pagalasi.

Iwo anapeza yankho lawo. "HD imene anatigulira ndi yapafupi. Yapatali iyenera kuti ndi ina."

Anakoka mpando wawo n'kuuika patsogolo penipeni pa TV. Kwa masabata angapo tonse tinkaonera msana wa apongozi, ndi timiyendo ta osewera tikutulukira m'mbali mwa makutu awo. Chigoli tinkachidziwira pa kudumpha kwawo.

Nkhani ya maso palibe amene akanaiyamba. Munthu amene amati amaona mbuzi yake ili kutsidya kwa msewu sungamuuze kuti akayezetse. Ndinangomva kusukulu kuti anthu oyeza maso abwera ku kiliniki ya ku Rufunsa, ndipo ndinauza mkazi wanga, iye n'kuuza amayi ake. Mawa lake amayi anayamba kulephera kulowetsa ulusi pa singano. Ankalephera mokweza, pamaso pa amuna awo, mpaka iwo anati, "Maso anu atha, amayi. Ndikuperekezani ku kiliniki."

Anabwera pa basi yam'mawa, ine n'kuwaperekeza. Amayi anakhala pampando, nayamba kutchula zizindikiro za pa chipepala chimene chinali pakhoma. Ankachita dala mochedwa. Apongozi, ataima pambuyo pawo, sanapirire.

"Mukuchedwetsa anthu. Chachitatucho chayang'ana kumwamba."

Woyeza maso, mayi wachikulire wodekha, anawayang'ana. "Chayang'ana kumanzere, atate. Nanga chotsatiracho?"

"Pepala lanu ndi lakale. Lafufuta."

"Mwina lafufutadi. Takhalani apa mutithandize kuona ngati tikufunika lina."

Anakhala. Mayiyo anawaveka chimango cholemera choyezera maso n'kuyamba kusintha magalasi, akufunsa kuti apa bwanji, nanga apa. Poyamba apongozi ankayankha mwamphamvu. Kenaka anachotsa maso pa pepala n'kuyang'ana pawindo, kumapiri a kutsidya, nthawi yaitali ndithu.

"Kodi mitengo ija ili ndi masamba mpaka pamwamba?" anafunsa chapansipansi.

Palibe anaseka. Ngakhale amayi anangoyang'ana pansi.

Magalasi awo anafika patapita masabata awiri. Ndinawatengera ku Chinyunyu ndekha, mkazi wanga atatsalira ndi ntchito. Anawavala pakhonde, nayang'ana akazi awo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Amayi, imvi zonsezi zabwera liti?"

"Zakhalapo. Mumayesa mukukhala ndi mtsikana?"

Anatembenukira kwa ine. "Nanunso akamwini, kodi muli ndi dazi?"

"Langoyamba kumene, atate."

"Ayi, limeneli ndi lakale."

Mpando unabwerera kukhoma. Mpira utayamba anaonera mwakachetechete, akugwedeza mutu, nthawi zina akukweza magalasi pamphumi kuti ayerekeze, n'kuwatsitsanso. Pa nthawi yopumula anatuluka panja. Osewera anabwerera m'bwalo, iwo osaoneka. Kenaka ndinamva mawu kuchokera kumunsi, kudimba.

"Akamwini! Tabwerani!"

Zaka zonse zimene ndinakhala m'banjamo anali asanandiitanirepo kudimba kwawo. Ndinawapeza atanjuta pakati pa mizere ya tomato. Magalasi anawathandiza kuona ali chiimire kuti mzere wina wakumapeto masamba ake achita mawangamawanga, ndipo anali atapita kukatembenuza tsamba limodzi. Kunsi kwake kunali tizilombo tofiira ting'onoting'ono, tambirimbiri, tikuyenda.

"Ine ndimati ndi dzuwa likuwotcha mbali ino," anatero. "Inu mumatidziwa timeneti?"

Ndinati ndimatidziwa pang'ono, mnzanga wophunzitsa zaulimi anandionetsapo.

"Ndiye njutani apa mundiuze."

Ndinanjuta pambali pawo. Tinayenda mzere ndi mzere tikutembenuza masamba, iwo akufunsa, ine ndikuyankha zimene ndinkadziwa, mpaka amayi anatuma mawu kuti mpira watha ndipo tiyi akuzizira.