Matenda Awiri a Amayi

Dzulo ku Partick, kuno kutsidya kwa nyanja, ndikukankha mwana wanga m'kangolo kake, fungo la mizu yowiritsa lochokera m'sitolo ya mankhwala achitchaina linandiimitsa. Ndivomere, ine ndine mayi wamantha; khandali likangoyetsemula, ndaimbira kale nesi. Koma apa ndinaseka ndekha.

Ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, titangofika kumene m'dziko lino n'kukhala ku Govanhill, amayi ankamva chizungulire, mutu kuwawa, manja kunjenjemera. Dokotala wachitchaina anawagwira pamkono, n'kuwayang'ana lilime, n'kunena kuti mphepo ya m'chiwindi yakwera kumutu. Wa kuchipatala anawamanga kansalu kofufuma pamkono, n'kunena kuti ndi BP.

Ine ndinawerenga: matenda awiri, munthu mmodzi. Amwalira basi! Tsono kwathu mwana saonerera wamkulu atanyamula zikwama ziwiri. Ndinawapeza kukhitchini akumwa madzi akuda a mizu ya dokotala wachitchaina uja, nkhope atakwinya, ndipo ndinagwada.

"Amayi, ndikulandireniko amodzi."

"Amodzi chiyani?"

"Matendawo. Mundipatse mphepoyo, ndiyopepukirapo."

Anaseka mpaka kutsamwa. "Kuchenjeratu iwe, wandisiyira yolemerayo! Chabwino, tenga." Anandiuzira mpweya pachipumi, fuu!

Sabata yonseyo ndinkayenda pang'onopang'ono popita kusukulu, kuopa kuigwetsa. Atayamba kupeza bwino ndi mapiritsi a BP, ndinkauza aliyense kutchalitchi kuti ndawachiritsa ndine.

Ndinazindikira ndili kukoleji kuti madokotala awiriwo ankaona vuto limodzi: wina anatchula mmene amayi ankamvera m'thupi, wina anayeza kuthamanga kwa magazi. Amayi sanandiuzepo zimenezo, ndipo mpaka lero mutu ukawawawa, amandiimbira kufunsa ngati mphepo ija ndikuigwirabe bwino.