Mafuta Ofiira a Baneba

"Imwe amene munadula mitengo ya mukusi zaka khumi na ziwiri, lelo mulilira mitengo ya kwa eni?"

Anali mkazi wanga, akukuwa ataima pakhomo pathu ku Dambwa North, manja m'chiuno. Ine n'kuti nditangotaya mbale ya nsomba pabwalo, Loweruka masana, anthu akuona. Msuzi wofiira unkalowa mumchenga, nkhuku za eni zitayamba kale kulimbirana.

Ndiyambe ndi mwini nsombazo. M'nyumba yoyandikana ndi yathu munkakhala mwamuna wa ku Luapula, wogwira ntchito ku njanji. Mkazi wake anamwalira chaka chomwe ine anandichotsa ku fakitale yocheka matabwa, masiku aja makampani ankagulitsidwa ngati tomato wa pamsika. Ana anawatumiza kwawo, iye n'kutsala yekha. Tinkangomuitana kuti baneba. Munthu wake wamtali, woyankhula mofatsa, malaya osita ngakhale Loweruka. Ine ndine wamfupi, ndipo pakamwa panga pamathamanga kuposa mutu. Ndinamuda asanandilakwire kanthu.

Mkazi wanga, poti ndi munthu wa mpingo, anayamba kumutumizira kambale ka ndiwo. Sindinaletse. Koma kwathu mbale siibwerera yopanda kanthu, ndipo munthu uja ankadziwa kuphika. Amayi ake ankamutumizira mafuta a kwawo m'chigubu, ofiira, olemera, ofinyidwa ku zipatso za kanjedza. Iwo amati chinkondya. Ankathira m'nsomba zouma, m'nyemba, m'chigwada, fungo n'kumadumpha mpanda kudzatipeza m'nyumba.

Mafuta amenewo sabisika. Mbale yathu yoyera ya pulasitiki inasanduka yachikasu, kukwecha ndi mchenga osachoka. Ndikabwera ku ntchito ndinkayamba ndayang'ana milomo ya mkazi wanga, moni pambuyo. Tsiku lina ndinaona kadontho kofiira pachitenje chake, ndipo kanandikhala pamtima sabata yathunthu. Iye sankabisa n'komwe. Ankanyambita zala n'kumati, "Baneba badziwa kuphika, mwe. Uja ni mwamuna!"

Zaka makumi awiri tili pabanja. Khitchini ndinamanga ndi manja angawa, njerwa ndikuumba ndekha, koma mawu amenewo ine sanandinenerepo. Ndipo chondiwawa kwambiri, nsombazo zinalidi zokoma. Ndinalawapo kamodzi iye ali ku mpopi, n'kupukuta pakamwa ngati wakuba.

Kunena kuti ndikuchita nsanje sindikanatha. Munthu amene ndinafika Fomu Faifi, n'kumapikisana ndi poto wa mwamuna mnzanga? Ndinkafuna chifukwa china, chooneka chaulemu.

Ndinachipeza ku ntchito. Nthawi imeneyo ndinkasunga katundu pa loji ina kufupi ndi mtsinje, kumene azungu obwera kudzapalasa mabwato kumunsi kwa mathithi ankasiya magazini awo. M'magazini ina munali zithunzi za nkhalango za ku Asia zikupsa, utsi utaphimba dzuwa, nyani waubweya wofiira atakakamira pachitsa. Analemba kuti anthu akulambula nkhalango kuti adzale kanjedza wa mafuta. Ndinawerenga kawiri. Ndinganame nditati nyani uja anandimvetsa chisoni. Ndinasangalala. Ndinapinda magaziniyo n'kuilowetsa m'thumba la jekete.

Loweruka lija mbale itabwera, ndinaitulutsa.

"Mafuta aya m'nyumba mwanga siniwafuna," ndinatero. "Ona apa. Nkhalango zatha, nyama zilibe pokhala, mvula izaleka kugwa chifukwa cha ichi chamene unyambita."

Anayang'ana chithunzicho, n'kundiyang'ana ine, n'kuseka. Kuseka kumeneko ndi kumene kunataya mbale. Ndiye anakuwa za mukusi zija, ndipo sananame: mitengo imene ndinathandiza kugwetsa sindingaiwerenge, ndipo pambali panga mbaula inali itadzaza makala. Apo m'pamene chinatuluka chimene chinali m'kati.

"Nanga milomo yako siuma bwanji mafuta a mwamuna wina?"

Amayi awiri amene ankatunga madzi pa mpopi anasiya ndowa ikusefukira.

Baneba anatuluka, nafika pampanda. Ndinakunga zibakera, ndikuti lero ndi lero. Iye anangotambasula dzanja.

"Bamdala, nioneko pepala."

Anawerenga osafulumira, chala chikuyenda pamizere, ine ndikupuma ngati ng'ombe.

"Izi ni zoona," anatero. "Koma aya si mafuta anga. Anga bamayo bafinya na manja. Mitengo ili m'mbali mwa mtsinje, banabadwa n'kuipeza, palibe anatema nkhalango kuti imere. Koma ija saladi yanu ija."

Analoza pawindo pathu. Unali mwezi wa Juni. Saladi, mafuta ophikira otchipa amene ndinkagula ndekha m'mashopu a mu Mosi-oa-Tunya Road, amene anali atadzaza katundu wakunja zaka zimenezo, ankagwirana ndi chisanu n'kukhala ngati kandulo. M'mawa uliwonse tinkaika botolo padzuwa kuti asungunuke.

"Muziba chifukwa chake igwirana? Werengani kumbuyo."

Ndinatenga botololo. Timalemba tating'ono, m'Chingerezi chomwe ndinkadzitama nacho: mafuta a kanjedza, ochokera dziko lomwe lija la m'magazini. Ndinali nditakazingira mazira m'mafuta amenewo zaka zitatu.

Mmodzi wa amayi a pa mpopi analephera kudzigwira. "Ba Fomu Faifi, werengani mokweza timveko!"

Akanandituka baneba, bwenzi zitandipepukira. Tikanamenyana, nkhani n'kutha. Koma anangondibwezera magazini ndi manja awiri, napita kukatenga tsache kuti asese nsomba zake. Mkazi wanga anamuona akusesa, ndipo ine ndinaona kuti wamuona.

M'nyumba sanakuwenso. Anatsitsa sutikesi pamwamba pa wadirobu, nayamba kupinda zitenje.

"Za mitengo zanu nilibe nazo nchito," anatero. "Mwanitukwana pamaso pa anthu, monga ndine hule. Mawa mukapanda kupita kukabweza mau anu, nikwera basi, nipita kwa amama ku Katete. Muzadya saladi yanu mweka."

Mkazi wanga anali asanatchulepo za Katete chikwatiranireni, ngakhale chaka chija tinkagonera phala. Ndinadziwa kuti sakuseka. Ndinakhala pampando ndikuyang'ana sutikesi ikudzaza, ndipo ngakhale pamenepo chimene chinkandizungulira m'mutu ndi chakuti akapita, baneba ndi amene adzayambe kumusowa.

Kutacha, Lamlungu, ndinavala jekete n'kukagogoda. Anatsegula ali ndi kapu m'manja.

"Baneba, dzulo ninakamba zoipa. Mkazi wanga alibe mlandu, na imwe mulibe mlandu. Pepani."

Ndinanena mokweza kuti zimveke pawindo lathu. Anati ndilowe timwe tiyi. Ndinakana.

Kunyumba sindinabwerere. Ndinayenda wapansi mpaka ku Dambwa Central, kwa mayi amene ankatsogolera amayi a mumpingo mwathu, n'kuwapeza akumanga duku.

"Amayi, pafupi na ine pali mwamuna wofedwa. Nchito ya njanji, samwa, adziwa na kuphika. Mufunireni mkazi. Mwezi uno ngati n'kotheka."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. "Wakutumani ni yeve?"

"Iyayi," ndinatero. "Nadzituma nekha."