Duwa Langa Linapsera Pakamwa pa Atate

Dzulo mwana wanga anabwera ndi khadi lomwe anadinda yekha ku Sande sukulu, ine mtima n'kubwerera kwathu ku Vubwi.

Ndili wamng'ono ndinkasema duwa pa mbatata, n'kuliviika m'madzi a mwaye, n'kumadinda m'kope lakale. Zala zinkada bii, koma ndinkanyadira. Tsiku lina atate ali ndi alendo anandiitana: "Iwe, tabwera nalo buku lako lija." Ndinathamanga, poganiza kuti akufuna kundionetsera kwa anzawo. Anang'amba tsamba, n'kukulungiramo fodya.

"Pepala lofewa bwino ili," anatero, anzawo n'kuseka. Ndinaima pomwepo mpaka duwa lonse linapsa.

Ambuye akudziwa, ndinawakhululukira atate. Koma khadi la mwana wangali ndalibisa m'Baibulo, poti m'menemo ngakhale iwo sankang'ambamo.