Mpango wa Apongozi pa Ayezi

Chaka chimene mkazi wanga anamwalira, mwana wanga ananditengera ku Indianapolis. Ankakhala ku Lawrence, dera la m'mphepete mwa mzindawo, kumene munthu wopanda galimoto amangoonera dziko pawindo. Iye ankachoka m'mawa, ine n'kutsala ndi mkazi wake, namwino amene ankagwira ntchito masiku atatu pa sabata. Apongozi angawo ankandiikira chakudya patebulo, n'kugwada pang'ono, n'kutuluka. Kupitirira moni sitinkalankhulana.

Kwathu apongozi sagwirana dzanja, choncho anthu ankati ndi ulemu. Koma panali china. Ine ndinaphunzira kulemba ndili ndi ana kale, kusukulu ya kwacha, ndipo kalata yaitali yoyamba imene ndinalemba ndi dzanja langa inali youza mwana wanga kuti asakwatire mtsikanayu chifukwa mayi ake ankatcheza kachasu. Ndinamva pambuyo pake kuti mtsikanayo anaiwerenga. Zaka khumi zinapita ndisanapepese.

Loweruka lina mu Disembala tonse atatu tinayenda ulendo wautali kupita ku South Bend kukaona magetsi a Khirisimasi. Mitengo yonse m'mbali mwa mtsinje anaikulunga ndi timababu, ndipo pakati panali bwalo la ayezi pamene anthu ankazungulira atavala nsapato zokhala ndi chitsulo ngati mpeni kunsi.

"Adadi, lero musiketa," anatero mwana wanga. "Si inu munkawoloka mtsinje pamtengo umodzi mutasenza njinga?"

"Mtengo sunkathawa mapazi," ndinamuyankha. Koma nsapatozo anandiveka ndithu.

Anandikoka mpaka pakati pa bwalo, foni yake n'kulira. Anali a kuntchito. "Imani pomwepo, ndikubwera," anatero, n'kupita kunja kwa mpanda.

Ndinaima. Kutsogolo kosatheka, kumbuyo kosatheka. Anthu ankandidutsa mbali zonse, ine zala zitauma m'magolovesi. Nditayesa kusuntha phazi limodzi ndinagwa chagada, chipewa n'kuuluka.

Amene anafika anali apongozi anga. Anagwada pa ayezi pomwepo, ngati ali pakhomo kumudzi, n'kutambasula dzanja. Ndinaliyang'ana dzanjalo, langa osatuluka. Mzungu wina anaima kuti athandize, iwo n'kumuuza m'Chingerezi kuti zili bwino. Kenako apongoziwo anamasula mpango wa m'khosi n'kundiponyera nsonga imodzi.

"Gwirani apa, bambo. Uwu si mkono, ndi nsalu chabe."

Ndinadzuka movutikira, choyamba ndi mawondo. Iwo ankayenda chobwerera, akundikoka pang'onopang'ono ngati mbuzi yopita kumsika. Pakati pathu panali mpango wosakwana mikono iwiri. Sitinayandikanepo chotero, ndipo ndinadziwa kuti tikafika pampanda mwayi watha.

"Mayi," ndinatero, "ine kale lija ndinalakwa. Ndinalemba..."

"Yang'anani mapazi, bambo, mugwanso."

"Ndimati ndinene kuti..."

"Phazi lamanzere. Eya. Tsopano lamanja."

Sanakweze mawu, sanakwinye nkhope. Anangondiwerengera mapazi mpaka manja anga anagwira mpanda. Mwana wanga anabwera akuseka, akufunsa ngati ayezi sanasweke.

Pobwerera ndinakhala kumbuyo ndekha, chiuno chikuwawa. Apongozi ndiwo ankayendetsa. Tikuyandikira Indianapolis anafunsa mwamuna wawo ngati kunyumba kuli mankhwala opaka. "Afunseni bambo ngati akufuna madzi otentha," anatero, ine ndili pomwepo.