Nsomba za Yusufu zafa ndi malangizo a pa Facebook

Salaam aleikum nonse.

Abale, ndili m'chipinda kuno ku Umm Ghuwailina, kudziko la Aluya, poti hotela yomwe ndimagwirako ntchito anaitseka chifukwa cha korona, mng'ono wanga Yusufu wangondiimbira vidiyo ali padamu lathu ku Machinga. Nsomba zonse zayandama, mimba zoyera zili m'mwamba!

Akuti dzulo anathira laimu wambiri nsomba zili momwemo, atawerenga pagulu la pa Facebook. Ankolo Saidi anamuletsa kuti laimu timathira damu likauma, iye n'kuwayankha kuti nzachikale.

Wanditumizira gululo. Wallahi, ndi la alimi a mashirimpu, tinkhanu ta m'nyanja yamchere tija. Mulibemo Mmalawi ndi mmodzi yemwe!

Anzake apagulupo angomutumizira tinkhope tolira. Amene ali m'madzi kuvuula nsomba zakufazo ndi ankolo omwewo.

Mukuti bwanji, akawapepese yekha kapena amayi amuperekeze?