Mayi Amene Anafunsa za Eskago

Achitayi akhala akuperekera zakudya m'hotela ina ya m'tauni zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, koma kukhulupirira munthu ayi. Mlendo akamwetulira kwambiri, iwo amati watumidwa ameneyo. Dzinali analitengera ku tayi yawo yaikulu yakuda, imene amasita okha poopa kuti akazi awo angaiwotche.

Chaka chatha kunabwera khukhi watsopano ndi nkhono zake za m'chitini. Amaziphika ndi batala ndi adyo, n'kuziika zisanu ndi imodzi m'kambale kamaenje, zigoba atachotsa. Bwana anasonkhanitsa mawetala onse.

"Ikakhala kudimba ndi nkhono. Ikafika pambale ndi eskago, ndi mmene Afalansa amaitchulira. Amene ndimumve akuti nkhono pamaso pa mlendo, atenge chikwama chake azipita."

Achitayi anaona kuti msampha umenewu watcheredwa iwo. Ana atatu ali pasukulu, ntchito ndi yomweyi basi, ndipo bwana ameneyu sakanalephera kutuma munthu wodzawayesa.

Lachinayi lina masana munalowa mayi achikulire ndi mwana wawo wamkazi. Mwanayo atatuluka kukayankha foni, mayi aja analoza pa menyu.

"Bambo, eskago ameneyu n'chiyani? Kumpingo kwathu pali zina sitidya."

Achitayi anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Nsapato zatsopano, chikwama chatsopano, funso lolunjika chonchi, bwana naye ali chiimire pakauntala ngati akuwerenga nyuzi. Ayi ndithu, apa panali kanthu. Chamumtima anati, mwandipeza ndili maso.

"Ndi chakudya cha Chifalansa, mayi. Chofewa bwino, alendo amachikonda."

Mayi aja anapemphera, n'kudya zonse, mpaka kukombeza batala ndi buledi. Mwana uja pobwera anafunsa zimene adya, anafufuza pafoni, nkhope yake n'kugwa. Anawanong'oneza amake.

Achitayi anadikira kuti bwana abwere akuseka, awauze kuti akhoza mayeso. Atacheuka anapeza pakauntala palibe munthu. Bwanayo anali atalowa kale muofesi, za tebulo limeneli sanazione n'komwe. Manyazi anawagwira Achitayi, thukuta mpaka m'kolala.

Mayi aja sanakalipe. Anapukuta pakamwa kawiri, n'kukankhira kambale kaja patali.

"Zaka makumi asanu ndadzisunga, bambo. Mawetala enawa ndinawasiya dala. Ndinafunsa inuyo chifukwa ndinaona imvi."